FONI ILI M'MANJA MWANU, NANGA KIYI ALI NDI YANI?

 Sabata ino tayamba taika pambali nkhani za kukhitchini ndi za kusoka. Ndafuna kuti tikambirane za kanthu kamene ambiri a ife timakamanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama za ndiwo, ndiko kuti foni ya m'manja. Mwina munamvapo anyamata akunena kuti foni yakuti ndi yolokedwa, pamene yakuti ndi yotsegula. Kodi mawu amenewa amatanthauza chiyani, ndipo amatikhudza bwanji ife amayi amene ana athu, amuna athu ndi alongo athu ali kutali? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse lero, tisanataye ndalama zimene tinazipeza ndi thukuta.

Mphatso yochokera ku Joni

M'gulu lathu la banki m'khonde muli mayi wina wamasiye amene amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe. Mwana wawo wachisamba anapita ku Joni kukafuna ganyu, ndipo anapeza banja komweko. Chaka chatha kunabadwa mwana, mdzukulu woyamba wa mayiwa. Iwo ankangomva kulira kwake pa kafoni kawo ka mabatani, mwina kwa mphindi imodzi yokha mayunitsi n'kutha. Tsono mnyamatayo anasunga ndalama pang'onopang'ono nagula foni yamakono m'sitolo ina kumeneko, kuti amayi ake aziona nkhope ya mdzukulu wawo pa WhatsApp. Anaitumiza kudzera mwa anthu onyamula katundu pagalimoto, ndipo inafika bwinobwino, ili m'bokosi lake.

Mayiwo anabwera nayo ku msonkhano wathu wa Lachinayi. Tinaimba nthungululu, tinaipatsirana m'manja monga khanda. Koma titachotsa simu khadi m'kafoni kakale kaja n'kuiika m'foni yatsopanoyo, foni inalemba mawu a Chingerezi n'kuima pomwepo. Mtsikana wa mlembi wathu, amene ali Fomu 3, anatiwerengera: "SIM network unlock PIN." Tinayesa simu ya kampani ina, mawu anali omwewo. Wina anati tilembe 1234, wina anati 0000, wina anati tiyese chaka chimene mayiwo anabadwa. Mwamwayi mtsikana uja anatiletsa. Anati, "Amayi, lekani, ikuwerenga. Mukalakwitsa kangapo itsekeratu."

M'mawa mwake mayi aja anatsikira m'tauni kwa mnyamata wina wokonza mafoni. Iye anangoitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Amayi, iyi njofunika kufulasha, mubwere mawa." Anawatchulira mtengo wolingana ndi phindu lawo la masabata awiri, iwo n'kupereka. Mawa linasanduka mkuja, mkuja linasanduka sabata yamawa. Pomaliza foni inabwerera m'manja mwawo ikulembabe mawu omwe aja, ndipo ndalama sizinabwerere. Atandipeza kunyumba anati, "Achemwali, ndalamazo sizikundiwawa kwenikweni. Koma mwana wanga ndimuuza chiyani? Anadzimana chakudya kuti andigulire chimenechi."

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndinayenda kufunsa kwa aphunzitsi, kwa ogulitsa mafoni okhulupirika ndi kwa ophunzira a ku Chirunga, ndipo zimene ndinatola ndi zimene ndikukugawirani pano.

Tachokera kutali

Agogo anga ankasimba za masiku a Wenela, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni. Kalata inkayenda masabata, ndipo ikafika ankaitana mwana wasukulu kuti awerenge, zinsinsi za m'banja n'kumveka ndi ana omwe. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kwathu kuno itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, koma anthu sanaleke kupita ku Joni kufikira lero lino. Ine ndili mtsikana, wofuna kuimba lamya ankaima pamzere ku positi ofesi. Kampani ya TNM inayamba mu 1995, ndipo Celtel inabwera mu 1999. Celtel imeneyi inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Pamenepo foni inalowa m'midzi, koma kuimba kunja kwa dziko kunali kodula, moti munthu ankapereka moni ndi uthenga wa maliro mwa mpweya umodzi.

Chimene chinasintha zinthu ndicho kuimba kudzera pa intaneti. WhatsApp inayamba kulola anthu kuimbirana mu 2015, ndipo mu 2016 inawonjeza zoti oimbirana azionana nkhope. Kayendedwe kake n'kotere. Mukamalankhula, foni imadula mawu anu m'tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri, monga mmene timaphwatulira mtolo wa nkhuni kuti ana anyamule aliyense kake. Tizidutswato timapita pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi nanu, n'kulowa m'zingwe zodutsa m'mayiko oyandikana nafe, ndipo tikafika kwa mnzanuyo foni yake imatilumikizanso mwa kuphethira kwa diso. Pa kuimba kotereku simulipira mphindi za kunja kwa dziko. Mumalipira bandulo ya intaneti yokha, kaya mnzanuyo ali ku Mpondabwino, kaya ali ku Johannesburg, kaya ku London.

Tsono gwirani mfundo iyi: kuti foni iimbe pa intaneti, iyenera kupeza khomo lolowera pa intanetiyo. Kwa ambiri a ife, makamaka a kumudzi, khomo limenelo ndi simu khadi ya TNM kapena ya Airtel. Foni ikakana simu yanu, yakutsekerani khomo lopita kwa ana anu.

Mbuzi ya pachingwe

Foni yotsegula ndi imene imalandira simu ya kampani ina iliyonse. Lero muikamo ya TNM, mawa ya Airtel, mukapita ku Mozambique kapena ku Zambia muikamo ya kumeneko, iyo n'kumagwira ntchito. Foni yokhoma, imene anyamata amati yolokedwa, inauzidwa isanachoke m'sitolo kuti izimvera kampani imodzi yokha. Siinaonongeke, ndipo si yabodza ayi. Ili ngati mbuzi yonenepa bwino imene yamangidwa pachikhomo: imadya pokhapo pamene chingwe chafika, ngakhale msipu wobiriwira uli patsogolo pake.

Nanga makampani amamangiranji mafoni? Yankho lake ndi malonda. Taganizani za mwini chigayo amene akukugulitsani dengu labwino pa theka la mtengo wake, koma n'kukuuzani kuti chimanga cholowa m'dengu limenelo chizigayidwa pachigayo chake chokha. Zimene wataya pa dengu adzazibweza pa ndalama zogayitsira. Momwemonso kampani imatsitsa mtengo wa foni podziwa kuti mwini wake azigula mayunitsi ndi mabandulo kwa iyo. Ku South Africa kuli makampani monga Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom, ndipo mafoni ena otsika mtengo a m'masitolo a kumeneko amakhala omangidwa ku kampani imodzi. Kwa munthu wokhala komweko vuto silioneka msanga, pakuti simu yake ndi ya kampani yomweyo. Limaonekera foni ikaoloka malire pa Mwanza kapena pa Dedza. Mwana wa mayi aja sanalakwe dala. Anaona mtengo wabwino, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mayiko ena anaona kuti mchitidwe umenewu umapweteka ogula. Ku America lamulo lololeza munthu kutsegulitsa foni yake linakhazikitsidwa mu 2014. Ku Canada analetsa kugulitsa mafoni okhoma kuyambira mu December 2017, ndipo ku Britain anachita chimodzimodzi mu December 2021. Komabe mafoni akale ogulidwa malamulowa asanabwere akuyendabe, ndipo ena mwa iwo ndi amene amatipeza kuno ngati kaunjika.

Kuno ku Zomba nkhani ya chingweyi ndi yaikulu kuposa mmene ena angaganizire. Phiri lathuli limatipatsa madzi a Mulunguzi ndi mphepo yozizira, koma limatchinganso mauthenga. Inu a m'mphepete mwa phiri mukudziwa kuti pali zigwa zina pamene netiweki imodzi imagwira bwino, inzake n'kumafuna kuti mukwere pachulu. Mukapita ku Kachulu kukapikula nsomba za ku Chilwa, mwina mupeza kuti zatembenuka. Ndiponso mitengo ya mabandulo imasinthasintha, lero yatsika uku, mawa uko. Mayi wa foni yotsegula, makamaka yolowa masimu awiri monga mafoni ambiri a Itel ndi Tecno, amasankha yekha. Mayi wa foni yokhoma anasankhiridwa kale.

Tizipangizo tina tokhoma

Si foni ya m'manja yokha imene imakhomedwa. Pali timabokosi tija togawira intaneti m'nyumba, totchedwa MiFi kapena rauta. Timabokosi timeneti timalowa simu khadi, n'kumagawa intaneti kwa mafoni onse ali pafupi kudzera pa Wi-Fi. Kawirikawiri kabokosi kokhala ndi chizindikiro cha kampani ya netiweki kamalandira simu ya kampani yomweyo basi. Ngati gulu lanu likuganiza zosonkherana kugula kabokosi kotere, yambani mwaona ngati netiweki ya kampaniyo imafika bwino pamalo pamene mumasonkhana.

Palinso matelefoni a patebulo amene mumawaona m'maofesi ena, ooneka ngati lamya yakale koma olumikizidwa ku chingwe cha intaneti, ndiponso timabokosi tosandutsa lamya yakale kuti iziimba pa intaneti. Kuti chipangizo chotere chiimbe, m'kati mwake mumalembedwa dzina la kampani yopereka nambala pamodzi ndi mawu achinsinsi. Chikakhala chotsegula, mwini wake akhoza kufufuta zimenezo n'kulembamo za kampani ina imene waikonda. Chikakhala chokhoma, malo olembapowo amakhala otsekedwa, ndipo kiyi wake ali ndi kampani imene inachigulitsa. Kampani ya Vonage ya ku America inatchuka ndi timabokosi tomangidwa motero. Inu amayi amene muli ndi sitolo, malo ogona alendo kapena sukulu ya mkaka, wina akakubweretserani telefoni yotere yogwiritsidwapo kale ntchito kunja, musaipereke ndalama musanaimve ikuimba.

Kuopsa kwa chingwe kumaoneka bwino mwini chikhomo akasamuka. Kunali njira yotchuka yoimbira pa intaneti yotchedwa Skype, imene inayamba mu 2003 ndipo inatsekedwa mu May 2025. Panali matelefoni ena amene anapangidwa kuti aziimba pa Skype pokha. Lero matelefoni amenewo ndi zidole za ana. Chipangizo chomvera mbuye mmodzi chimafa naye limodzi.

Maloko ali mitundumitundu

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mawu akuti "yolokedwa" amanenedwa pa zinthu zosiyana. Tiyeni tizisiyanitse, pakuti loko aliyense ali ndi kiyi wakewake, ndipo kiyiyo amasungidwa ndi munthu wosiyana.

Loko woyamba ndi amene tafotokoza uja, wa kampani ya netiweki. Kiyi wake ndi nambala yapadera imene imayenderana ndi foni imodzi yokhayo, ndipo woyenera kuipereka ndi kampani imene inakhoma. Nambala imeneyi siyolota. Foni imawerenga nthawi zimene mwalakwitsa, ndipo zikakwana imatseka kotheratu.

Loko wachiwiri ndi wa ngongole. Masiku ano kuli malonda akuti mupereke ndalama pang'ono poyamba, mutenge foni, zotsalazo muzilipira tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata. Foni yotere imakhala ndi mlonda m'kati mwake. Mukadumphitsa kulipira imadzitseka yokha, ndipo imatseguka mukalipira. Malonda amenewa athandiza amayi ambiri amene sakanatha kupeza ndalama zonse pakamodzi, ndipo sindikuwanyoza. Koma mayi wina wa gulu loyandikana nalo, wophika mandasi ndi zitumbuwa, mwana wake atagonekedwa m'chipatala analephera kulipira kwa masiku anayi. Foni inatseka pa nthawi yomwe ankafuna kuuza abale za matendawo ndi kulandira chithandizo chawo. Tsono musanasaine, tengani pensulo muwerengere ndalama zonse zimene mudzakhale mutapereka pomaliza, muziyerekeze ndi mtengo wogula pakamodzi. Funsani kuti mukadumpha tsiku chimachitika n'chiyani, foni ikabedwa ngongole imatha kapena ayi, ndiponso mukamaliza kulipira loko amachotsedwa liti. Mwina mupeza kuti kubwereka ku banki m'khonde yanu n'kugula foni yotsegula kukupepukirani. Ndipo wina akakutsatsani foni yatsopano pamtengo wogwetsa, chenjerani, mwina ndi ya ngongole imene mwini wake waithawa. Idzakutsekerani m'manja patapita masiku ochepa.

Loko wachitatu ndi wa mwini wake wakale. Mafoni amakono amalembetsedwa m'dzina la munthu, ku Google kapena, akakhala a iPhone, ku iCloud. Foni ikafufutidwa mwini wake asanachotse dzina lake, imafunsa mawu achinsinsi a munthu ameneyo, ndipo popanda mawuwo siipita patsogolo. Loko ameneyu anaikidwa kuti akhaulitse akuba. Motero foni yakale imene ikufunsa dzina la munthu wosadziwika, wogulitsa n'kumati "ingopitani nayo akakufulashireni," isiyeni pomwepo. Mungagule mlandu ndi ndalama zanu zomwe.

Loko wachinayi ndiye wabwino, pakuti kiyi wake ali ndi inu. Ameneyu ndi nambala yachinsinsi, kapena kachizindikiro kojambula ndi chala, kamene mumaika kuti wina asatsegule foni yanu. Popeza masiku ano ndalama za Airtel Money ndi Mpamba zimakhala m'foni, loko ameneyu ali ngati loko wa pachitseko cha nkhokwe. Simu khadi nayonso ili ndi nambala yake yotchedwa PIN. Mukailakwitsa katatu imafunsa ina ya manambala 8 yotchedwa PUK, imene imalembedwa pa chikhadi chachikulu chija munathyolapo simu yanu. PUK mukailakwitsa ka 10, simuyo yafa. Choncho chikhadi chija musamatayire kudzala, chisungeni pamodzi ndi makadi a kusikelo. Za loko amene abambo ena amaika pafoni pawo n'kumagona nayo kunsi kwa pilo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pogula, chitani izi

Popita kukagula foni, kaya m'sitolo, kaya pamsika waukulu wa Zomba, kaya kwa mnansi, tengani masimu awiri, ya TNM ndi ya Airtel. Ngati muli nayo imodzi, bwerekani inayo kwa mnzanu. Ikani yoyamba, imbirani munthu, tsegulani intaneti. Chotsani, ikani yachiwiri, chitaninso chimodzimodzi. Wogulitsa wokhulupirika sangakuletseni. Amene akukufulumizitsani kuti kukuda kapena kuti batire latha, ali ndi chimene akubisa. Kuyesa intaneti n'kofunika, chifukwa mafoni ena ochokera kutali, monga ku America, ngakhale ali otsegula sagwirizana bwino ndi nsanja za kuno, moti amaimba koma intaneti yake imayenda ngati kamba.

Kenaka dinani *#06# monga ngati mukuimba. Foni idzaonetsa nambala yaitali ya manambala 15 yotchedwa IMEI. Imeneyi ndiyo chiphaso cha foniyo, ndipo foni yolowa masimu awiri imaonetsa ziwiri. Yerekezani ndi nambala yolembedwa pabokosi. Zikasiyana, bokosilo si lake. Uzani wogulitsa alembe nambalayi pa lisiti, pamodzi ndi tsiku ndi dzina lake, ndipo inunso muilembe m'kope lanu kunyumba. Foni ikadzabedwa, apolisi adzakufunsani nambala yomweyi.

Ikakhala foni yakale, mwini wake achotse dzina lake la Google kapena iCloud inu mukuona, aifufute, ndipo muiyatse pamodzi kufikira itatseguka yonse. Pa iPhone pali malo, mukalowa pa Settings, General, kenaka About, pamene pamalembedwa "No SIM restrictions" ngati foniyo ili yotsegula. Ngati Chingerezi chimakuvutani monga chimandivutira ine, tengani mwana wasukulu kapena mnzanu wa m'gulu. Palibe manyazi pamenepo. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Wogulitsa akakunamizani, yambani mwabwerera kwa iye ndi lisiti lanu, muli ndi mboni. Zikakanika, dziko lino lili ndi mabungwe oona za madandaulo otere. Bungwe la MACRA limayang'anira makampani a mafoni, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limaona za chinyengo pa malonda, ndipo bungwe la CAMA limalankhulira ogula. Koma onsewa adzafuna umboni, ndipo umboni wanu ndi kapepala kaja ambiri timakulungira mchere.

Mawu kwa ana athu ali kunja

Nkhani iyi muwauze ana anu ndi amuna anu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Durban kapena kutsidya kwa nyanja. Asanagule foni yotumiza kumudzi, afunse wogulitsa momveka bwino ngati foniyo imalandira simu ya kampani iliyonse, ngakhale ya dziko lina. Aiyese ndi simu ya kampani ina asanachoke m'sitolo. Ngati foniyo ndi imene ankagwiritsa ntchito iwo eni, apite ku kampani imene inawagulitsa, ali ndi lisiti ndi nambala ya IMEI, akapemphe kuti itsegulidwe isananyamuke. N'kosavuta kumasula mbuzi uli pafupi ndi chikhomo kusiyana ndi kutumiza mawu uli kutsidya kwa Zambezi. Achotsenso dzina lawo la Google kapena iCloud. Ndipo nthawi zina chanzeru n'kungotumiza ndalama, inu n'kugula foni konkuno kumene mungaiyese ndi manja anu, ndi kumene mungabwerere ikavuta.

Nanga za kufulasha? Sindikunena kuti anyamata onse okonza mafoni ndi achinyengo. Ambiri ndi ana athu omwe, ndipo ena ndi aluso ndithu. Pali mafoni amene amathadi kuwatsegula, koma pali ena amene sangathe, ndipo kufulasha kukalakwika foni imatha kufa osadzukanso, zithunzi ndi manambala onse n'kupita. Gwirizanani poyamba kuti mudzalipira ntchito ikatheka, inu mutaona simu yanu ikugwira. Chotsani simu yanu ndi kakhadi kosungira zithunzi musanasiye foni, ndipo nambala yanu yachinsinsi ya ndalama musauze munthu, ngakhale akhale waulemu chotani.

Foni yokhoma siinafe

Kwa inu amene foni yokhoma muli nayo kale m'nyumba, musaiponye m'sutikesi. Loko wa kampani ya netiweki amatseka khomo la simu khadi lokha. Khomo la Wi-Fi limakhala lotsegula. Foni yamakono ya mnzanu ikhoza kugawira yanu intaneti, zimene anyamata amati hotspot, monga mmene timapalirana moto m'mawa. WhatsApp imafuna nambala ya foni polembetsa, ndipo imatumiza manambala 6 pa uthenga wa m'manja. Simu yanu ikhoza kukhala m'kafoni ka mabatani, uthengawo n'kufikira mmenemo, inu n'kukopera manambalawo m'foni yaikuluyo. Manambala 6 amenewa musapatse munthu wina aliyense woimba foni kuwapempha, chifukwa amene wawatenga walanda WhatsApp yanu, ndipo adzayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Umu ndi mmene tinachitira ndi mayi a ku Chawe aja. M'gulu mwathu muli mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale amene ali ndi foni yamakono. Lachinayi lina titamaliza kuponya masheya, anagawa intaneti yake, mtsikana wa Fomu 3 uja n'kulumikiza zonse. Foni inalira kawiri, kenaka nkhope ya mnyamata uja inaoneka, ali m'kachipinda kake ku Joni, mwana ali pamiyendo. Mayiwo anayamba afunyulula chitenje chawo n'kupukuta galasi la foni, ngati kuti akupukuta nkhope ya khandalo. Anati, "Bambo, mphumi imeneyo ndi ya malemu atate ako." Mnyamatayo anangoti, "Amayi," mawu n'kumuthera. Tonse tinayang'ana pansi, ndipo msungichuma wathu, amene sagwetsa msozi ngakhale pamaliro, anatuluka panja kuti akaone ngati kukubwera mvula.

Kufikira lero foniyo ikadali yokhoma. Mnyamatayo akutsatira nkhani ya kiyi wake kumeneko. Pakali pano agogowo amaona mdzukulu wawo kamodzi pa sabata, Lachinayi, ndipo gulu linagwirizana kuti bandulo ya tsikulo izichokera m'thumba la zadzidzidzi. Masiku ena asanu ndi limodziwo foni imagona m'bokosi lake. Chikhala kuti funso limodzi linafunsidwa m'sitolo muja, bwenzi akucheza ndi mdzukulu wawo madzulo alionse atatsika kumsewu.

Tinapangananso lamulo m'gulu mwathu, ndipo ndikulipereka kwa magulu anu kuti mulione: membala asagule foni, kapena kusaina ngongole ya foni, asanabwere nayo nkhaniyo pamsonkhano, ndipo popita kogula azipita awiri, masimu awiri ali m'manja. Mutu umodzi susenza denga.

Amayi anzanga, pogula nyumba timafunsa makiyi, pogula mbuzi timafunsa ngati ilibe mlandu. Foninso muzifunsa: kodi imalandira simu iliyonse, kodi ili ndi ngongole, kodi dzina la mwini wake wakale linachotsedwa? Mayankho atatuwa akakhala abwino, ikani loko wanuwanu, kiyi musunge mumtima. Dulani tsamba lino mukawerengere anzanu amene sadziwa kuwerenga, kuchigayo, kudambwe la amayi, kumjigo ndi kumsonkhano wa Lachinayi. Amene muli ndi mafunso kapena zimene zinakuonekerani, lemberani kalata tsamba lino, tidzayankhana pomwe pano.